Galimoto ya Bambo Ikukana Kulira

Phokoso la sitata ya galimoto ya bambo ndinali nditaliloweza. Ikayamba kupukusa, mtima wanga unkakwera nayo limodzi, kenako zonse zii. Pamapeto pake pankabwera mawu a bambo, osakwera, osatsika: "Yakananso."

Galimotoyo ndi ya dizilo, ndipo inafika pakhomo pathu ine ndili wamng'ono, bambo akadali pantchito yoyendetsa ambulansi. Injini yake itanoka, anakanitsitsa kuti ikokedwe kupita ku galaja. Ankati kumeneko galimoto imalowa ndi ziwalo zake n'kutuluka ndi za anzake. Choncho inakonzedwera pomwe inaima, pampata wapakati pa nyumba ndi mpanda, pansi penipeni pa windo la chipinda changa. Aliyense wofuna kufika pageti ankadutsa cham'mbali, atabweza mimba.

Amene anaiphwasula n'kuimanganso ndi makanika wina, Girisi. Dzina limeneli ndinamupatsa ndine, chifukwa tsiku loyamba kukumana anandipatsa moni wa dzanja n'kundisiyira mafuta akuda mpaka m'zikhadabo. Chibwenzi chathu tinkachibisa bwino ndithu, mpaka wina wake wamtima wabwino anakatsina khutu bambo. Bambo sanakalipe, si khalidwe lawo. Anangonena kuti sanalere mwana kuti azikachapa maovolosi moyo wake wonse.

Azakhali anga ndi amene anawapanikiza. Iwo pakamwa sipatsekeka, ndipo bambo, achimwene awo, amawaopa ngakhale savomera. Anawafunsa bambo kuti munthu amene anamukhulupirira pa injini akulepherekeranji kumukhulupirira pa mwana. Bambo atasowa polowera anati: "Chabwino. Ngati ndi mmisiri, galimoto yanga ilire Loweruka dzuwa lisanalowe. Ikalira, abale ake abwere tidzakambirane. Ikakana, asadzapondenso pakhomo pano." Anawonjezera kuti kufikira tsikulo ine ndi Girisi tisayankhulane, ngakhale moni.

Ine ndinaseka chamumtima. Girisi wadzutsapo magalimoto amene eni ake anali atawasandutsa khola la nkhuku. Koma injini itamangidwa, yoyera ngati yatsopano, inakana kulira. Ndipo ine, mwatsoka langa, ndinali patchuthi. Ndinalibe kothawira, ndinkangozungulira m'nyumba ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo, n'kumamvetsera tsogolo langa likupukusidwa panja.

* * *

Bambo ali ndi malamulo awiri pa galimoto yawo. Loyamba, kiyi sagwiridwa ndi munthu wina. Choncho Girisi ankakhala kutsogolo, mutu uli mu injini, bambo ali pachiwongolero kudikira kuti awauze kuti pukusani. Lachiwiri ndi la chitseko cha wokwera. Chogwirira chake cha mkati chinathyoka kalekale, moti chimangotseguka ndi kunja. Mayi akali moyo, bambo ankatsika, kuzungulira galimoto n'kukawatsegulira, mayi n'kumaseka kuti akanapanda kuthyoka chitsekocho ulemu umenewu sakanauona. Chimwalirireni mayi, amene bambo amamuzungulirira ndine. Girisi atangonena kuti akhoza kuchikonza m'kanthawi kochepa, bambo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndinakuitanira injini. Chitseko chimenecho usadzachigwire."

Masana bambo akagona pang'ono, foni ndiyo inali windo lathu. Ine m'chipinda, iye atakhala pa tayala lakale kunja, khoma lokha pakati pathu. Ndinamulembera kumufunsa kuti chavuta n'chiyani. Anayankha monga amayankhulira, mawu owerengeka. Batire ndi lamphamvu. Mahita akutentha. Fyuluta ya mafuta ndi yatsopano. Mpweya wauchotsa m'mapaipi mobwerezabwereza mpaka chala chatupa ndi kupopa. Koma akamasula mapaipi a kumanozolo bambo akupukusa, sikutuluka ngakhale dontho, ndipo ku ekizozi kulibe ndi utsi womwe.

Ndinamulembera kuti zonsezo kwa ine ndi chilankhulo chachilendo, andiuze chinthu chimodzi: ilira kapena ayi?

Foni inalira. Uthenga wake: "Wadya?"

Ndinaponya foni pabedi. Mwamuna ukamufunsa za moyo wako iye n'kukufunsa ngati wadya, dziwa kuti zinthu sizili bwino.

* * *

Lachinayi kunabwera a Makiyi, amene anatsina khutu bambo aja. Amagulitsa magalimoto ochokera kunja, ndipo sayenda opanda mulu wa makiyi pachala, kumauzunguza ngati akuitana nkhuku. Anandifunsirapo, ndinawakana, koma iwo kukanidwa amakumva ngati kuuzidwa kuti abwerenso mawa. Iwo anayamba kale kuwatchula bambo anga kuti adadi.

Anadutsa pampata paja atanyamula jekete m'mwamba kuopa girisi, anasuzumira mu injini kamphindi, n'kupukusa mutu ngati dokotala wofika mochedwa. Pabalaza, ine ndikuthira tiyi, anawafotokozera bambo mokweza kuti mnyamatayo waphonya taimingi, mwinanso wapha pampu ya mafuta, ndipo akapitiriza kupukusa aotcha sitata. Anati Loweruka abweretsa chigalimoto chokokera, aitengere kwa anthu odziwa, ndipo adadi asadandaule, pali ina yabwino imene angayambe ayendera.

"Inunso achemwali," anatembenukira kwa ine, "m'galimoto zanga zitseko zonse zimatseguka."

Ndinawauza kuti n'chifukwa chake anthu sakhalitsamo. Bambo anatsokomola, ndipo ndinadziwa kuti ndanena zokwanira. Windo linali lotsegula, Girisi anamva zonse. Ndinkayembekeza kuti mwina aponya sipanala, kapena ayankhako kamodzi kokha, koma ndinangomva akupukuta mapaipi mwakachetechete. Kufatsa kwake tsiku limenelo kunandinyansa kuposa mwano wa a Makiyi.

* * *

Madzulo ake ndinatuluka kukaanula zovala. Chingwe chathu chimadutsa m'mbali mwa mpanda, moti ndinaima pafupi ndi windo la wokwera, nsalu ya pabedi itandiphimba theka. Girisi anali ndi kababu kake koyezera moto. Anapempha bambo kuti atsegule kiyi, anakhudzitsa kababuko pa waya wa papampu, ndipo kanayaka. Anakaika pambali, anagwira sipanala, n'kunena kuti pukusani.

Dzanja lamanja la bambo linapita pa kiyi. Lamanzere linatsetsereka pansi pa mpando.

Sitata inapukusa, inapukusa, zii. Dzanja lija linalowanso pansi pa mpando, n'kubwerera pabondo ngati silinachoke.

Ndinakumbukira tsiku limene anaba galimoto ya aneba athu, ine ndili ku pulayimale. Bambo anakhala tsiku lonse pansi pa galimoto yathu, ndipo madzulo anatiitana ine ndi mayi n'kutionetsa kasiwichi kobisika pansi pa mpando wawo. Ukakazimitsa, pampu simatulutsa mafuta, wakuba akhoza kupukusa mpaka kucha. Anandigwira paphewa n'kundiuza kuti ichi ndi chinsinsi cha anthu atatu, ndipo ine ndinanyada ngati andiveka mendulo. Kwa zaka zonsezi sindinauzepo munthu, mpaka ndinachita kuiwala.

Bambo anatembenuka, maso athu anakumana. Sanadzidzimuke. Anangondiyang'ana, kenako anayang'ana kutsogolo n'kunena kuti, "Yakananso."

Girisi atapita, ndinawapeza kukhitchini akutsuka kapu imene inali yoyera kale. Sindinadziwe poyambira, ndiye anayamba ndi iwo. Anati za m'nyumba muno sizituluka pageti, ndipo mwa anthu atatu aja tatsala awiri. Ndinawafunsa kuti mnyamatayo anawalakwira chiyani.

"Palibe," anatero. "Ntchito yake ndaiona, ndi yabwino. Koma mayi ako anakalamba akundidikira pawindo, ine ndili pamsewu ndi odwala a eni. Munthu wa ntchito ya manja sakhala wa mkazi wake, amakhala wa aliyense amene galimoto yamufera. Iwe sudzadikira munthu pawindo."

Ndinafuna kuwauza kuti mlungu wonsewu ndakhala pawindo, ndipo ondiikapo ndi iwo. Koma anali atatchula mayi, ndipo mawuwo ndinangowameza. Ndinawakwiyira, ndinawamveranso chisoni, zonse nthawi imodzi. Anaika kapu ija pamalo pake n'kundifunsa kuti, "Ndikudalire, mayi?" Umu ndi mmene amanditchulira akafuna kundifewetsa. Ndinangotuluka kukhitchiniko.

* * *

Lachisanu ndinagwira njakata. Ndikaulula, ndawavula bambo anga pamaso pa mlendo. Ndikakhala chete, Girisi atuluka pageti ndi dzina loti analephera, ndipo a Makiyi akalilengeza tauni yonse asanafike n'kunyumba kwawo komwe. Uthenga ndinaulemba n'kuufufuta, kuulembanso n'kuufufutanso.

Masana bambo atagona, ndinamva madzi akutuluka pampopi wa kuseri. Ndinatuluka ndi ndowa yopanda ntchito. Girisi anali akusamba m'manja ndi sopo wa ufa, ndipo atandiona anayang'ana kukhomo kaye. Ndinamuuza monong'ona kuti asavutike ndi pampu, vuto lili pansi pa mpando wa bambo.

Sanadabwe. Anapitiriza kutikita zala.

"Ndikudziwa."

Ndinangoti kukamwa yasa. Anandifotokozera kuti anazindikira Lachiwiri. Papampu pali kachipangizo kotsegula mafuta, ndipo kakatseka kamamveka kuti thi. Iye ankakamva kakutseka nthawi iliyonse sitata isanayambe. Bambo atapita kukayankha foni m'nyumba, anatsatira waya ndi zala mpaka pansi pa mpando. Kuyambira pamenepo, zonse zimene ankachita, kupopa, kumasula, kupukuta, zinali zongotayitsa nthawi. Ananenanso kuti atafuna akhoza kukoka waya kuchokera ku batire kupita papampu, galimoto n'kulira pompo, kasiwichi kali kozimitsa.

Ndinamufunsa kuti nanga akudikira chiyani, mngelo?

"Ndikatero, bambo adziwa kuti ndawagwira. Azakhali afunsa kuti wayayo ndi wa chiyani. Iwe ukuganiza kuti munthu amene ndamuchititsa manyazi pakhomo pake adzandipatsa mpando m'nyumba mwake? Galimoto ilira, inde. Koma ine ndikufuna apongozi, osati galimoto."

Anati akudikira kuti bambo achotse okha dzanjalo. Tsiku lililonse amafika m'mawa, amagwira ntchito mwaulemu, kuti mwina mtima wawo ufewe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero.

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinamuuza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo nkhono yakeyo ikamadzatulutsa maso ine ndidzakhala ndili m'galimoto ya a Makiyi. Ndinamufunsa ngati akundifuna ine kapena akufuna kuti bambo amuyamikire khalidwe. Mlungu wonse wandisiya ndikudwala ndi nkhawa, iye akudziwa, n'kumandifunsa ngati ndadya.

Anatseka mpopi. Anandipempha chinthu chimodzi, kuti mawa ndisachite kanthu, ndimusiyire iye ndi bambo. Ndinamufunsa kuti dzuwa likalowa dzanja likadali pomwepo atani. Anangoyang'ana manja ake. Amuna awiri amene ndimawakonda anali atandipempha chinthu chimodzimodzi, kuti ndikhale chete, ndipo aliyense ankaona ngati akundichitira zabwino.

* * *

Loweruka azakhali anafika m'mawa ndi mpando wawo wopinda, ati sakufuna kumva za m'maluwa. A Makiyi anafika masana ndi chigalimoto chokokera chija, n'kuchiimika chopingasa pageti, moti tsopano panalibe ndi podutsa cham'mbali pomwe. Anaima chotsamira mpanda, makiyi akuzungulira pachala, n'kumayang'ana dzuwa pafupipafupi ngati analilemba ntchito.

Girisi anayesa m'mawa, inakana. Anayesa masana, inakana. Nthawi iliyonse asananene kuti pukusani, ankayamba waima n'kuwayang'ana bambo kudzera pampata wa pansi pa boneti, mwaulemu, ngati mwana wopempha. Bambo ankayang'ana kumbali. Ine ndinali pawindo langa, ndikuona dzanja lija likutsika n'kukwera.

Mthunzi wa nyumba utafika pampanda, azakhali anaimirira n'kunena kuti ayese komaliza, iwo miyendo yatopa. Anapita kukaima pawindo la bambo, atagwira m'chiuno. Girisi anakhudzitsa kababu kake pa waya, kanayaka. M'thumba la ovolosi yake munkaoneka nsonga ya waya wofiira, ndipo ndinadziwa kuti sautulutsa.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza. Ndinangopezeka ndatuluka, ndadutsa cham'mbali kuseri kwa galimoto, ndatsegula chitseko cha wokwera, ndakhala pampando wa mayi n'kutseka. M'katimo munkanunkha dizilo ndi sopo wa bambo. Ndinatenga dzanja lawo lamanzere pabondo pawo n'kuligwira ndi manja anga onse awiri, monga ndinkachitira akamandiwolotsa msewu popita kusukulu.

Dzanjalo linauma. Anayesa kulikoka pang'ono, ine ndinalimbitsa.

"Taonani mwana ndi bambo ake," anatero azakhali pawindo, akumwetulira. "Mwina dalitso linkasowa ndi limeneli. Pukusani, achimwene."

Bambo akanatha kulikoka mwamphamvu, koma mlongo wawo anali pomwepo, maso ali pa manja athu. Akanatha kukana kupukusa, koma akananena kuti chifukwa chiyani? Anandiyang'ana. Ndinkayembekeza mkwiyo, koma m'maso mwawo munali kudabwa kokha, ndipo kumeneko ndiye kunandilasa. Misozi inayamba kutsika, koma dzanja sindinalisiye.

Anatembenuza kiyi.

Sitata inapukusa pang'ono chabe, injini inatsokomola, galimoto yonse inagwedezeka, kenako inalira. Utsi woyera unadzaza pampata ponse n'kuyamba kuchepa, ndipo kulirako kunakhazikika, kosalala kuposa mmene ndinakumvera chibadwire. Azakhali anawomba m'manja. Makiyi a a Makiyi anasiya kuzungulira. Girisi anatsitsa boneti pang'onopang'ono, ndipo atationa kudzera pagalasi, ine nditagwira dzanja la bambo, nkhope yake inagwa. Sanamwetulire ngakhale pang'ono.

Bambo anamvetsera injini kwa kanthawi, mutu atapendeketsa, monga munthu wodziwa galimoto. Kenako anasolola dzanja lawo mwa anga, mofatsa, chala chimodzichimodzi. Anayankhula motsitsa, kuti phokoso la injini libise mawu awo kwa azakhali.

"Wakutuma ndi iyeyu?"

Ndinati ayi, iye anandiletsa.

"Ndiye kuti unamuuza."

Ndinayang'ana pansi. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene amayembekeza.

"Mawu anga sindibweza. Abale ake abwere. Koma udzawalandire wekha ndi azakhali akowa. Ine mwana amene ndinamusungitsa chinsinsi sindikumuona pano."

Anatsika n'kusiya kiyi ali momwemo, chinthu chimene sanachitepo. Anamuuza Girisi kuti ntchito wagwira bwino, osamuyang'ana kumaso. Ine ndinakhala pampando paja, manja ali pamiyendo, kudikira kuti azungulire kutsogolo kwa galimoto monga amachitira nthawi zonse. Anafika pakona ya boneti, anaima pang'ono, n'kukhotera kukhomo la nyumba. Ndinamva chitseko cha chipinda chawo chikutsekeka.

Ndinafufuza chogwirira, zala zanga zinangopeza dzenje pamene chinathyokera. Azakhali anali kalikiliki kuuza a Makiyi kuti achotse chigalimoto chawo pageti, sanaone kanthu. Girisi yekha ndi amene anaona. Anabwera cham'mbali mpaka pawindo langa, anapukuta dzanja pa ovolosi, analitambasula, kenako linaima m'malere pafupi ndi chitseko chimene bambo anamuuza kuti asadzachigwire. Anayang'ana kukhomo la nyumba, anandiyang'ana ine.

Injini inkalirabe bwinobwino, ndipo panalibe amene ankanditsegulira.